Kuthamanga Sikufika: Za Mowa ndi Liwiro pa Mseu

Miseu iwiri yaikulu ya dziko lino imakomana m'boma lathu la Neno. Pa Zalewa, mukangooloka mlatho wa Shire, mseu wa M1 wochokera ku Blantyre umapitirira kumpoto kudzera pa Kam'mwamba ndi Phalula kunka ku Ntcheu ndi Lilongwe, ndipo mseu wa M6 umapatuka kunka ku Mwanza ndi ku Tete. Usana ndi usiku pamadutsa mabasi, maminibasi, magalimoto ang'ono ndi mathiraki aakulu onyamula mafuta ndi katundu wa maiko akunja. M'mbali mwa miseu yomweyi ndimo amai athu amagulitsa tomato, manachesi ndi mbatata, ndimo anyamata amakankha njinga zolemedwa ndi matumba, ndimonso ana amayenda popita ku sukulu.

Pa wailesi timamva kawirikawiri za magalimoto amene agunda anthu m'miseu ya mu Blantyre ndi Lilongwe, makamaka usiku wa Lachisanu ndi Loweruka. Ena a ife timati zimenezo nza m'tauni, sizitikhudza. Koma galimoto imene yanyamuka pa Wenela, likangotha ora limodzi kapena kupitirira pang'ono imakhala iri pa Zalewa, ndipo dalaivala wake ndi yemwe uja, ndi mowa womwe uja m'mimba mwake. Ndiponso ana athu ambiri ali m'tauni momwemo, ena pa kabaza, ena pa malonda a m'mbali mwa mseu. Chotero nkhani iyi njathu.

Munthu akafa pa mseu timakonda kunena kuti linali tsiku lake, kapena kuti pamalopo pali mizimu. Mau otere amatonthoza pa maliro, koma sapulumutsa munthu wina mawa. Zoona zake nzakuti ngozi zambiri ziri ndi zifukwa zodziwika, zina zotheka kuziyeza ndi mapazi pa bwalo la sukulu. Mwezi uno tifotokoza ziwiri zazikulu: liwiro ndi mowa.

KUKULA KWA BVUTOLI

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pa miseu chaka chiri chonse, ndi kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe nthenda imene ikupha ambiri koposa ngozi za pa mseu. Oposa theka la akufawo sakhala m'kati mwa galimoto ai. Ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto. Maiko a mu Africa ali ndi magalimoto ochepa, komabe ndiwo akutaya anthu ambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ao.

Za Malawi, bungwe lomweli linawerengera kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu oposa 5,000 anafa pa miseu yathu, kuphatikiza amene anakafera ku chipatala kapena kumudzi osalembedwa m'mabuku a Polisi. Pa kalembera wa 2018 boma lonse la Neno linali ndi anthu oposa 138,000 pang'ono. Imfa zonsezo zikadagwera boma lathu lokha, bwenzi pa anthu 30 ali onse titaika mmodzi m'manda m'chaka chimodzi. Ndipo ambiri mwa akufa ndi anthu a mphamvu zao, amene amalima munda, kulipira fizi ndi kusamala makolo okalamba. Akapita mmodzi, nyumba yonse imagwa naye.

GALIMOTO SIIMA POMWEPO

Amene sanayendetsepo galimoto amayesa kuti dalaivala akaona munthu amangoponda buleki, galimoto nkuima. Siziri choncho. Poyamba maso aone, ubongo uzindikire, phazi lichoke pa moto lifike pa buleki. Kwa munthu wogalamuka bwino, wosamwa, wosatopa, zimenezi zimatenga sekondi imodzi kapena kupitirirapo, ndipo m'sekondi imeneyo galimoto ikuyendabe ndi liwiro lake lonse. Kenaka mabuleki agwire, matayala akwekwerezeke pa phula mpaka galimoto iime.

Tiyeni tiwerenge. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ora imadya mamita 14 pa sekondi imodzi. Dalaivala asanaponde buleki yapita kale mamita 14, ndipo mabuleki akagwira, pa mseu wouma ndi matayala abwino, imafuna mamita ena 14. Onse pamodzi ndi mamita 28. Tsono galimoto yomweyo ithamange makilomita 100 pa ora. Pa sekondi yoganizira ija yapita mamita 28, ndipo mabuleki amafuna mamita 56. Onse pamodzi ndi mamita 84, pafupifupi bwalo lonse la mpira kuchokera golo ili kufika golo ilo.

Muone bwino chinthu ichi: liwiro likachuluka kawiri, mtunda wa mabuleki suchuluka kawiri, koma kanai. Muonenso china. Tinene kuti mwana wathamangira mu mseu pa mtunda wa mamita 28 kutsogolo kwa galimoto. Dalaivala wa 50 aima pa mapazi a mwanayo, mwana nkuthawa ndi mantha okha. Dalaivala wa 100 afika pa mwanayo phazi lake lisanakhudze nkomwe buleki. Mwana ndi mmodzi yemweyo, mseu ndi womwewo, tsiku ndi lomwelo. Chasiyana ndi liwiro basi.

Ngakhale kuonjezera pang'ono kuli ndi mtengo wake. A bungwe la za umoyo lija anapeza kuti woyenda pansi wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ora ali pa chiopsezo cha imfa choposa kanai poyerekeza ndi wogundidwa pa makilomita 50. Nchifukwa chake zikwangwani za pa malo a malonda ndi m'matauni zimalamula kuchepetsa liwiro. Kukagwa mvula, matayala akakhala osalala, kapena galimoto ikalemedwa, mtunda uja umatalikanso. Thiraki yodzaza katundu yotsika chitunda imafuna malo aakulu koposa galimoto yaing'ono. Pa miseu yathu ya dothi ya kumtunda kwa Dambe ndi Chekucheku, kumene kuli zitunda ndi makona, matayala sagwira bwino pa miyala yoyoyoka ndi pa matope, kotero njinga yamoto yothamanga imangotsetsereka ngakhale buleki yapondedwa.

Nanga amathamangiranji? Madalaivala ambiri a minibasi amauzidwa ndi eni galimoto ndalama zimene ayenera kubweretsa pa tsiku, chotero amapikisana kuti ayambe ndiwo kufika pa siteji. Wa kabaza amafuna abwerere msanga adzatenge wina. Koma tinene zoona, nthawi zina ndife okwera amene timati, "Adalaivala, tapondani, tichedwa ku msika." Tawerengani phindu lake. Pa ulendo wa makilomita 60, woyenda 80 pa ora amatenga mphindi 45, ndipo woyenda 100 amatenga mphindi 36. Chimene wapindula ndi mphindi 9, zosakwana nkuphika komwe nsima. Akulu anati kuthamanga sikufika.

ZIMENE MOWA UMACHITA M'THUPI

Mowa ukafika m'mimba suchedwa kulowa m'mwazi, ndipo mwazi umaufikitsa ku ubongo. Kumeneko umachita zinthu zitatu. Choyamba, umachedwetsa uthenga wochoka ku maso kunka ku manja ndi ku phazi. Chachiwiri, umasokoneza maso. Munthu amaona za kutsogolo kokha, za m'mbali osaziona. Satha kuyeza bwino kuti galimoto yobwerayo iri patali bwanji. Ndipo nyali zake zikamthobwa m'maso amachedwa kuonanso. Chachitatu, chimene chiri choopsa koposa, umachotsa mantha. Munthu amene ali bwinobwino sangadutse thiraki pa kona, atamwa amadutsa akuimba mluzu.

Bwererani ku masamu aja. Tinene kuti mowa wamchedwetsa dalaivala sekondi imodzi yokha. Ngakhale akuyenda 50 monga mwa lamulo, tsopano apita mamita 28 asanaponde buleki, ndipo mwana uja amgunda ndi liwiro lonse. Tsono popeza mowa womwewo umamuuzanso kuti aponde moto, woledzera sayenda 50. Mowa ndi liwiro ndi mapasa.

Alipo amene amati, "Ine ndikalawa pang'ono ndiye ndimayendetsa bwino." Ameneyo si iye akulankhula, ndi mowa. Iye amamva ngati akuyendetsa bwino chifukwa mbali ya ubongo imene ikadamuuza kuti walakwa ndiyo yayamba kugona.

Ena amati mowa umatha munthu akasamba madzi ozizira, akamwa tiyi wowawa kapena khofi, kapena akadya kanyenya wa tsabola. Zonsezi nzabodza. Chimene chimachotsa mowa m'thupi ndi chiwindi, ndipo chiwindi sichifulumizidwa. Botolo limodzi laling'ono la mowa wamba limachitengera ora lathunthu kapena kupitirira. Chotero munthu amene wamwa mpaka tambala woyamba, nkukagona maora awiri, nkudzuka kukanyamula anthu a ku msika, akadali woledzera ngakhale wasamba ndi kubvala malaya oyera. Kachasu ndiye woposa kuopsa, pakuti mphamvu yake siilembedwa pa botolo, ndipo wa lero safanana ndi wa dzulo. M'chaka cha 2015 Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, umene unkabisika mosabvuta m'thumba la dalaivala kapena la mwana wa sukulu. Koma mowa waukali wa m'timabotolo totsika mtengo umachita zomwezo m'thupi.

WOYENDA PANSI NAYENSO

Tisaloze chala madalaivala okha. M'chaka cha 2019 madokotala anayeza anthu oposa 1,000 obvulala pa ngozi za pa mseu amene anafika pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Anapeza kuti pa amuna khumi ali onse, pafupifupi atatu anali atamwa mowa, ndipo gulu limene linaposa onse pa kumwa silinali la madalaivala, koma la oyenda pansi.

Ife a kumudzi tiyenera kuimva bwino nkhani imeneyi, chifukwa ambiri tiribe galimoto koma tonse tiri ndi miyendo. Munthu wochokera ku mowa usiku amayenda peyupeyu, lero m'mbali, mawa pakati pa mseu. Wina amatopa nkukhala pa phula chifukwa pamafunda, tulo nkumpeza pomwepo. Wabvala zakuda, njinga yake iribe nyali kapena chonyezimira kumbuyo. Dalaivala, ngakhale wosamwa, amamuona atafika kale pafupi. Ngati mwamwa, gonani komweko kapena apezeke wosamwa wokuperekezani, ndipo dzerani njira ya kumunda m'malo mwa mseu waukulu.

M'dziko muno magalimoto amayenda kumanzere. Chotero woyenda pansi aziyenda kudzanja lamanja la mseu, kuti galimoto yoyandikana naye aziiona ikubwera kumaso kwake, osati kumbuyo. Pooloka ayang'ane kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso. Asaoloke kutsogolo kapena kuseri kwa basi yoima, pakuti basiyo imabisa galimoto yodutsa. Usiku abvale choyera.

LAMULO LIKUTI CHIYANI

Malamulo a pa mseu a dziko lino ali m'lamulo lochedwa Road Traffic Act la chaka cha 1997. Amene amayang'anira ndi apolisi a pa mseu pamodzi ndi nthambi ya Boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imenenso imapereka malaisensi ndi kuyeza magalimoto.

Lamuloli limaletsa kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto munthu ataledzera. Malire ake ndi magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 a mwazi, ndipo apolisi amayeza ndi kachipangizo kopumiramo mpweya. Koma musayese kuti kufikira pamenepo palibe choopsa. Ubongo umayamba kuchedwa malirewo asanakwane, nchifukwa chake a World Health Organization amalangiza maiko kuti malire akhale 0.05, ndipo kwa achinyamata ndi ongoyamba kuyendetsa akhale 0.02. Popeza palibe munthu amene angadziyeze yekha mwazi pa bala, muyeso wosalakwa ndi umodzi: woyendetsa asalawe nkomwe.

Kuthamanga kupyola pa chikwangwani ndi mlandu. Kuyendetsa mosasamala mpaka kupha munthu ndi mlandu waukulu, umene khoti lingalipitse nao chindapusa, kulanda laisensi, kapena kutumiza munthu ku ndende. Woyendetsa njinga yamoto afunika laisensi monga wa galimoto, ndipo iye ndi womkweza onse abvale chisoti choteteza mutu, chomangidwa pa chibwano. Chisoti chopachika pa chiongolero sichinapulumutsepo munthu. Galimoto iri yonse ndi njinga yamoto iri yonse iyeneranso kukhala ndi inshuwalansi, kuti wobvulala kapena amasiye alandire chipepeso.

NGOZI IKACHITIKA

Chipatala cha Lisungwi ndi chipatala chachikulu cha pa Boma pa Neno zimathandiza obvulala, koma wobvulala kwambiri m'mutu kapena pa msana amayenera kutumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ulendowo ndi wautali kwa munthu wotaya mwazi. Chotero zimene achita anthu oyamba kufika pamalopo nzofunika kwambiri.

Poyamba tumizani anthu mbali zonse ziwiri za mseu, pataliko ndithu, kuti akachenjeze magalimoto obwera. Apo ai pachitika ngozi yachiwiri. Wina aimbire apolisi ndi chipatala. Pamene pakutuluka mwazi psinjanipo ndi nsaru yoyera, osaleka. Munthu wodandaula khosi kapena msana musamnyamule manja ndi miyendo ngati thumba. Mgonekeni pa chitseko kapena thabwa, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Wokomoka musammwetse madzi; ngati akupuma mgonekeni chammbali mosamala kuti masanzi asamtsamwe. Ngati yagwa ndi thiraki ya mafuta, thawani kutali ndipo musatape mafutawo, pakuti kamoto kakang'ono kamayatsa onse oimirira pafupi.

Pali chinthu china chofunika kuchinena poyera. M'malo ena anthu akapsa mtima amamenya dalaivala kapena kutentha galimoto. Mkwiyo wa pa imfa ya mwana aliyense amaumvetsa. Koma lamulo limafuna kuti dalaivala aime, athandize, ndi kukanena ku Polisi. Tsono akadziwa kuti akaima aphedwa, amathawa, ndipo galimoto imene ikadathamangitsa wobvulala ku chipatala yapita. Womenyayo nayenso amalowa m'mlandu. Chothandiza ndi kulemba nambala ya galimoto, mtundu wake ndi nthawi, ndi kupereka umboni kwa apolisi. Popanda kalata ya Polisi ndi ya chipatala, chipepeso cha inshuwalansi chimabvuta kuchipeza. Musalole kukambirana za kuseri kuti nkhani ithere pa thumba la chimanga ndi bokosi la maliro. Ana otsalawo adzafuna sukulu zaka zambiri.

MBALI YATHU

Apolisi sangaime pa kona iri yonse kuchokera pa Zalewa mpaka ku Mwanza. Koma m'galimoto iri yonse muli anthu, ndipo anthuwo ali ndi mphuno ndi pakamwa.

Inu okwera, musanakwere yang'anani dalaivala. Ngati akununkha mowa, maso ali psuu, musakwere, ndipo uzani anzanu chifukwa chake. Galimoto ikayamba kuuluka, lankhulani mwaulemu koma momveka: "Adalaivala, chepetsani, tiri ndi ana kunyumba." Mmodzi akayamba, ena mumthandize, musamseke kuti ngwamantha. Akakana, tsikani pa siteji yotsatira ndipo kaneneni kwa apolisi a pa Zalewa kapena pa Polisi iri yonse yapafupi. Kutaya ndalama ya ulendo umodzi nkwabwino koposa kubwerera kumudzi m'bokosi. Pamene pali lamba, mangani.

Inu eni minibasi ndi eni njinga zamoto, musapatse mnyamata njinga lero amene waphunzira dzulo pa bwalo la mpira, ndipo musamuikire ndalama ya pa tsiku imene sangaipeze popanda kuthamanga. Njinga imodzi yophwanyika imadya phindu la chaka chonse.

Inu ochereza alendo pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa sadaka, dalaivala amene wabweretsa anthu mpatseni thobwa lotsekemera, nsima ndi nyama yambiri, koma chipanda cha mowa chimdutse. Kumkakamiza kuti alaweko si ulemu. Ndi kuika abale anu omwe pa ngozi.

Inu mafumu a kwa Symon, kwa Mlauli, kwa Chekucheku ndi kwa Dambe, pamodzi ndi makomiti a chitukuko, onani malo amene anthu amagulitsira malonda. Pamene mabenchi afika pa phula penipeni asunthidwe abwerere m'mbuyo. Mbuzi ndi ng'ombe zisadyetsedwe m'mphepete mwa mseu waukulu popanda mbusa. Pamene chikwangwani chagwa kapena chabedwa, kapena pamene ana ambiri amaolokera popanda chizindikiro, lembani kalata ku Khonsolo ya boma kuti ikafike kwa oyang'anira miseu.

Inu aphunzitsi, phunziro ili lisathere pa bolodi. Tulukani ndi ana pa bwalo. Khomani chikhomo, ndipo yezani mamita 28 muimike mwana mmodzi, muyezenso mamita 84 muimike wina. Auzeni kuti woyambayo ndi pamene imaima galimoto ya 50, winayo ndi pamene imaima ya 100. Mwana amene wayenda mtunda umenewo ndi mapazi ake sadzathamangiranso mu mseu poyesa kuti galimoto iri patali, ndipo ena mwa ana omwewo ndiwo madalaivala a mawa. M'masukulu a m'mbali mwa M1 ndi M6, sankhani ana akuluakulu kuti aziolotsa a Sitandade 1 ndi 2 pa malo amodzi odziwika, m'mawa ndi poweruka.

Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Mukatha kuwerenga pepala ili musalipichirire fodya. Muwerengereni mnzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo ngati m'mudzi mwanu muli mnyamata wa kabaza kapena wa minibasi, limfike m'manja sabata ino.